Senta: mpweya wochokera m'ng'anjo za mkuwa, ndi mmene lamulo limauyezera

Amalume anga anagwira ntchito ku Kopala zaka zambiri asanabwerere kuno ku Chipata. Tsiku lina madzulo magetsi atathima ndinayatsa machesi pafupi nawo, ndipo kautsi koyamba kaja kanawalowa m'mphuno. Anatembenuza nkhope n'kunena kuti, "Mphwanga, wakamva kafungo kameneko? Imeneyo ndiyo senta. Kungoti kuja sikanali kamtengo kamodzi ka machesi ayi, unali mtambo wokuta komboni yonse."

Mawu akuti sulphur dioxide timawamva pa wailesi nthawi zonse pakabuka nkhani ya migodi ndi anthu okhala pafupi nayo. Kampani imati ikutsatira lamulo, anthu a m'komboni amati akutsamwa, a boma amati akufufuza. Womvera ali ku Kapata kapena ku Katete amangotsala kukamwa kuli yasa, osadziwa kuti wonama ndani. Nthawi zambiri vuto silikhala bodza. Onsewo amakhala akunena za manambala, koma manambala oyezedwa pamalo osiyana ndi pa nthawi zosiyana.

Senta n'chiyani?

Sulphur dioxide ndi mpweya umene umapangika sulufule akapsa. Ulibe mtundu, koma fungo lake ndi lobaya, limakanda kukhosi ndi kutulutsa misozi. Anthu a ku Copperbelt anaupatsa dzina lakuti senta. Tisausokoneze ndi mpweya wa pa mbaula umene umapha anthu ogona atatseka mawindo m'nyengo yozizira. Uja ndi carbon monoxide, ndipo sununkha. Tisausokonezenso ndi fungo la dzira lowola, lomwe ndi mpweya winanso wa sulufule.

Senta ili ndi makhalidwe awiri amene amaipangitsa kukhala yovuta. Choyamba, ndi yolemera kuposa mpweya umene timapuma, kuwirikiza kawiri ndi pang'ono. Chachiwiri, imasungunuka msanga m'madzi, ndipo ikatero imasanduka asidi. Tsono ganizirani pamene pali chinyezi m'thupi la munthu: m'maso, m'mphuno, kukhosi, m'njira zopita ku mapapo. Munthu wa mphumu akaipuma, njira za mpweya zimafinyika pasanathe mphindi khumi. Mwana amene akuthamanga pabwalo la sukulu akupumira kukamwa amaimeza yambiri kuposa munthu amene wakhala pansi, chifukwa mphuno imasefako pang'ono koma kamwa silisefa.

Asidi yemweyo amagwiranso zinthu zina. Amawaula masamba a ndiwo, amadya malata mpaka kuboola, ndipo akagwa ndi mvula kwa zaka zambiri amawawitsa nthaka. Mlimi wa kuno amene anauzidwapo ndi alangizi kuti athire laimu m'munda akudziwa tanthauzo la nthaka yowawa. Komatu sulufule payekha si mdani wa mbewu. Feteleza wa D Compound amene timathira pobzala chimanga ali ndi sulufule, ndipo mbewu zimamufuna. Nkhani ndi kuchuluka kwake ndi njira imene wafikira.

Chimachitika n'chiyani m'ng'anjo?

Mwala wotuluka mumgodi sukhala mkuwa weniweni. Mwa matumba 100 a mwala wotero, mkuwa ungakwane thumba limodzi, awiri kapena atatu basi. Mwalawo amaupera, n'kuutsuka ndi mankhwala mpaka patatsala ufa wakuda wolemera. Mu ufa umenewu mkuwa uli womangirirana ndi chitsulo ndi sulufule. Mtundu wodziwika kwambiri wa mwala woterewu ndi chalcopyrite, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi sulufule.

Kuti mkuwa umasuke, ufawo amausungunula m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,200, akupemerera mpweya. Sulufule amapsa n'kutuluka ngati senta. Apa pali masamu osavuta koma ofunika: tani imodzi ya sulufule ikapsa imabala matani awiri a senta, chifukwa imatenga mpweya wa oxygen wolemera chimodzimodzi n'kuphatikana nawo. Choncho senta si ngozi yongochitika makina akawonongeka. Ili ngati gaga pokonola chimanga. Simungakonole popanda gaga, funso limangokhala lakuti mumuika kuti.

Ng'anjo ya ku Mufulira inayamba ntchito mu 1937, ndipo kwa zaka pafupifupi 70 senta yake yonse inkangopita m'mwamba. Eni ake anasintha, kuchoka kwa makampani a nthawi ya atsamunda, kupita ku ZCCM, kampani ya migodi ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1982, kenako ku kampani ya Mopani kuyambira 2000, koma komboni ya Kankoyo inali pomwepo, mphepo ikuwomba kuchokera ku ng'anjo kupita ku nyumba za anthu. Dzina la Kankoyo ndi limene limatchulidwa koyamba mu Zambia muno anthu akamakamba za senta, chifukwa cha madimba olephera ndi madenga odyeka.

Chumuni chachitali, kapena kuigwira

Njira yakale inali yomanga chumuni chachitali kuti utsi ukagwe kutali utasukuluka. Ku Sudbury, m'dziko la Canada, kampani ya Inco inamaliza chumuni cha mamita 381 mu 1972. Mpweya wa m'tauniyo unakhala bwinoko ndithu, koma sentayo sinathe. Inkayenda ndi mphepo n'kukagwa ngati mvula ya asidi m'nyanja zakutali. Zili ngati kusesa zinyalala za pakhomo panu n'kukazitaya kuseri kwa mpanda wa anzanu. Ndipo mlandu wa mtundu umenewo unachitikadi pakati pa mayiko: utsi wa ng'anjo ya ku Trail, ku Canada komweko, unkawononga mbewu za alimi a ku United States, ndipo chigamulo cha mu 1941 chinati dziko lilibe ufulu wogwiritsa ntchito malo ake m'njira yowononga dziko loyandikana nalo ndi utsi. Ife okhala pafupi ndi Mwami, kumene Mchinji ali pamphuno, tikumva bwino kuti mphepo sidinditsa pasipoti.

Njira ya masiku ano ndi yoigwira senta isanatuluke n'kuisandutsa asidi wotchedwa sulphuric acid. Mpweya wa m'ng'anjo amautsuka fumbi, amauumitsa, amaudutsitsa pa mankhwala a vanadium, kenako n'kuumwetsa mu asidi wina. Tani imodzi ya sulufule imatulutsa matani atatu a asidi. Asidiyo ali ndi msika, chifukwa migodi ya kuno ndi ya ku Congo imamugwiritsa ntchito posungunula mitundu ina ya mwala wa mkuwa, ndiponso amapangira feteleza. Gaga uja wasanduka chakudya cha nkhumba chogulitsa. Ng'anjo zatsopano monga ya Nchanga ku Chingola, ya ku Chambishi ndi ya Kansanshi ku Solwezi zinamangidwa pamodzi ndi mafakitale a asidi. Ku Mufulira anachita kuwonjezera pa ng'anjo yakale pang'onopang'ono, ndipo mu 2014 a Glencore, amene nthawiyo anali eni ake aakulu a Mopani, analengeza kuti tsopano angathe kugwira 97 peresenti ya senta.

Nambala imeneyi tiime nayo pang'ono, chifukwa mbali zonse ziwiri zimaigwiritsa ntchito. Kuchoka pa kutaya zonse kufika pa kutaya 3 mwa 100 ndi kusintha kwakukulu, ndipo kunadya ndalama zambiri. Koma tiyerekeze ng'anjo imene ikanatulutsa matani 1,000 a senta pa tsiku. Magawo atatu otsalawo ndi matani 30, kulemera kwa lole yodzaza matumba 600 a feteleza. Ngati matani amenewo atuluka pang'onopang'ono usana ndi usiku kudzera pa chumuni chachitali, mwina palibe angamve. Koma senta situluka mwaulemu chotero nthawi zonse. Ina imathawira m'mbali pamene akutsanula mkuwa wamadzi kuchoka mumphika wina kupita mu wina, ndipo imeneyo imayenda chapansi. Ina imatuluka yambiri nthawi imodzi pamene fakitale ya asidi yazima mwadzidzidzi, mwina chifukwa cha magetsi, kapena pamene akuyatsanso ng'anjo itaima. Kampani ikamanena za 97 peresenti imawerengera mwezi kapena chaka. Mayi amene mwana wake wabanika amanena za theka la ola la Lachitatu m'mawa.

Malire a lamulo: ayezedwa pati, kwa nthawi yaitali bwanji?

Pali miyezo iwiri, ndipo anthu ambiri amaisakaniza. Woyamba ndi wa pakamwa pa chumuni, woonetsa kuchuluka kwa senta imene ikutuluka. Wachiwiri ndi wa mpweya umene anthu akupuma kumene amakhala, pasukulu, pamsika, pachipatala. Kampani ingakhoze pa woyamba koma anthu n'kumavutikabe, chifukwa pakati pa chumuni ndi mphuno ya munthu pali mphepo, mapiri ndi nyengo.

Aliyense wokhala mu Chipata anaonapo izi. M'mawa wa mwezi wa Juni, mukakwera pang'ono phiri la Kanjala n'kuyang'ana pansi, mumaona utsi wa mbaula ndi wa zinyalala utayala ngati bulangeti pamwamba pa makomboni, osakwera, osachoka. Usiku wozizira mpweya wapansi umazizira kuposa wapamwamba, ndiye wofunda uja umakhala ngati chivundikiro pa mphika. Dzuwa likakwera ndi pamene chivundikirocho chimatseguka. Zimenezi n'zimene zinachitika ku London mu Disembala 1952, pamene utsi wa malasha unatsekeredwa mumzinda kwa masiku asanu n'kupha anthu osachepera 4,000. Lamulo lawo la mpweya wabwino la mu 1956 linabadwa chifukwa cha maliro amenewo.

Muyezo wa mpweya wopuma umanenedwa m'mamaikulogalamu pa kiyubiki mita. Maikulogalamu ndi galamu imodzi yogawidwa ka 1,000,000. Kiyubiki mita ndi mpweya wodzaza madiramu asanu a malita 200. Malamulo a Zambia amaika malire a senta pa 500 poyeza kwa mphindi 10, pa 350 poyeza kwa ola limodzi, ndi pa 125 poyeza kwa maola 24. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limagwirizana ndi 500 ya mphindi 10, koma pa maola 24 malangizo ake a mu 2021 amati 40. Mu 2005 linali litanena 20. Malangizo a WHO si lamulo, dziko lililonse limasankha lokha poyang'ana chuma chake ndi makina amene lili nawo.

N'chifukwa chiyani pali manambala atatu a mpweya umodzi? Tiyerekeze kuti mpweya wa m'komboni unali woyera kwa maola 23, koma kwa ola limodzi senta inafika pa 2,400. Mukagawa 2,400 ndi 24 mupeza 100. Lipoti la tsikulo lidzati malire a 125 sanapyoledwe, ndipo lidzakhala loona. Koma ola limodzi lija linapyola malire a 350 pafupifupi kasanu ndi kawiri. Mlimi amazidziwa bwino izi. Mvula ya mamilimita 100 ikagwa pang'onopang'ono mwezi wonse, chimanga chimasangalala. Mvula yomweyo ikagwa masana amodzi, imakokolola mizere ndi feteleza yemwe. Mapapo nawo samva za avereji. Choncho mukamva nambala pa wailesi, funsani kuti inayezedwa pati ndiponso kwa nthawi yotalika bwanji. Popanda mayankho awiriwa nambalayo siikuuzani kanthu.

Woyang'anira ndani?

Kwa zaka zambiri kunalibe bungwe loima palokha loyang'anira utsi wa migodi. M'nthawi ya ZCCM, mwini mgodi ndi wopanga malamulo anali boma limodzi lomwelo. Lamulo loyamba lalikulu la zachilengedwe linabwera mu 1990, ndipo linabala Environmental Council of Zambia. Mu 2011 lamulo latsopano, Environmental Management Act, linasintha bungweli kukhala Zambia Environmental Management Agency (ZEMA) n'kuliwonjezera mphamvu. Lamulo limeneli limanena kuti munthu aliyense wokhala mu Zambia ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, otetezeka ndi osadwalitsa, ndiponso kuti woipitsa ndiye alipire. Malamulo aang'ono a mu 2013 ndiwo amafotokoza za malaisensi. Kumbali ya chitetezo cha ogwira ntchito mumgodi boma linakhazikitsa nthambi ina, Mines Safety Department, ku Kitwe.

Laisensi ya utsi si chiletso. Ndi chilolezo chotulutsa utsi mpaka pamlingo wakutiwakuti, ndipo kampani imayenera kumayeza ndi kutumiza malipoti. ZEMA ingathe kuyendera, kulamula kuti zinthu zikonzedwe, kulipiritsa, kuimitsa ntchito kapena kutengera kampani ku khoti. Zili ngati laisensi ya minibasi: imakulolani kunyamula anthu, koma imanena kuti angati.

Chinasokoneza zinthu ndi mapangano a nthawi yogulitsa migodi cha m'ma 2000. Mitengo ya mkuwa inali pansi, ZCCM inkataya ndalama, ndipo boma linkafuna ogula mwamsanga. Ogulawo anapatsidwa nthawi yokonza ng'anjo zakale pang'onopang'ono, ndipo boma linasenza mangawa a kuipitsa kwa m'mbuyo. Oikira kumbuyo mapanganowa amati popanda iwo migodi ikanatsekedwa ndipo matauni athunthu akanafa. Otsutsa amati anthu a m'makomboni analipira ndi mapapo awo pa pangano limene sanafunsidwe. Mfundo zonse ziwiri zili ndi anthu enieni kumbuyo kwake, ndipo nthawi zina ndi anthu a m'nyumba imodzi, bambo akugwira ntchito pa ng'anjo, mwana akudwala mphumu.

Mlandu umene unafika ku Supreme Court

Usiku wa pa 31 Disembala 2013, mayi Beatrice Mithi, amene anali DC wa Mufulira, anali pa mapemphero olowera chaka chatsopano pamene senta inatsika m'tauniyo. Anabanika ndipo anamwalira. Amuna awo anasumira Mopani. Kampaniyo inakana kuti utsi wake ndi umene unawapha, koma High Court mu 2016 inagamula mokomera banjalo n'kulamula chipukuta misozi cha K400,000. Kampani inachita apilo, ndipo mu 2020 Supreme Court inagwirizana ndi chigamulo choyamba n'kukweza ndalamazo kufika pa K1,000,000.

Mlanduwu unaonetsa kuti khoti lingathe kulumikiza utsi wa ng'anjo ndi imfa ya munthu mmodzi. Unaonetsanso kutalika kwa njirayo: zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, madokotala otsutsana, maloya. Ndipo womwalirayo anali munthu wodziwika, amene anagwa pamaso pa anthu ambiri. Matenda obwera pang'onopang'ono, chifuwa cha gogo amene wapuma senta zaka 40 komanso waphika pa nkhuni moyo wake wonse, ndi ovuta kwambiri kuwatsimikizira pamaso pa woweruza.

Kuno kum'mawa zikutikhudza bwanji?

Ku chigawo chathu kulibe ng'anjo yosungunulira mkuwa, ndipo si mgodi uliwonse umene umatulutsa senta. Okumba miyala ya mtengo wapatali ku Lundazi mavuto awo ndi maenje ndi fumbi. Osefa golide ku Petauke kapena ku Vubwi choopsa chawo chachikulu ndi mercury. Kuphwanya miyala ya kwale kumabweretsa fumbi ndi phokoso. Senta imabwera pamene mwala wa sulufule ukuwotchedwa kapena kusungunulidwa, kapena pamene akuwotcha malasha ndi mafuta okhala ndi sulufule wambiri. Kasenta kamene tili nako kuno n'kochokera ku matayala owotchedwa ndi utsi wa malole a pa Great East Road, ndipo ka malole kanachepa pamene dziko linasamukira ku dizilo wa sulufule wochepa, amene paipi ya TAZAMA inayamba kunyamula mu 2023.

Komabe nkhaniyi si ya eni Kopala okha. Mabanja ambiri a kuno ali ndi abale ku Mufulira, Kitwe ndi Chingola, ndipo opuma ntchito amabwerera kumudzi ndi zifuwa zawo. Ndiponso boma lili ndi cholinga chofika pa matani 3,000,000 a mkuwa pa chaka pofika 2031, kuchoka pa matani opitirira pang'ono 800,000 a mu 2024. Mkuwa wochuluka chotero udzafuna ng'anjo zambiri kapena zazikulu, ndipo ofufuza miyala akuyenda m'zigawo zonse. Ntchito yaikulu isanayambe, lamulo limafuna kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe, ndipo anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa. Pamsonkhano wotero, pansi pa mtengo kwa amfumu, anthu amakonda kufunsa za ntchito, mjigo ndi msewu, ndipo ndi mafunso oyenera. Ine ndikanakonda kuti wina aimikenso dzanja n'kufunsa kuti mwalawo adzaupsereza pompano kapena adzaunyamula, mphepo ya m'dera lino imawomba kulowera kuti miyezi yambiri, ndipo makina oyezera adzaikidwa pati.

Zimene sizinathe kukambidwa

Funso loyamba ndi la amene agwira sikelo. Manambala ambiri amachokera ku makina a makampani eni ake, chifukwa makina oyeza usana ndi usiku ndi okwera mtengo ndipo amafuna akatswiri owasamalira. Ena amati palibe cholakwika bola ZEMA izitsimikizira. Ena amati wogula fodya asamakhale yekha ndi sikelo. Ndipo ngati manambalawo alipo, kodi aziikidwa poyera tsiku lomwelo kuti mphunzitsi adziwe zolowetsa ana m'kalasi? Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linasainidwa mu Disembala 2023, koma mmene lingathandizire munthu wa m'komboni kupeza muyezo wa dzulo zidzaoneka pogwiritsa ntchito.

Lachiwiri ndi la malire enieniwo. Kodi 125 itsike kuyandikira 40 ya WHO? Ngati itsika, ng'anjo zakale zipatsidwe zaka zingati, ndipo ndalama zokonzera zichoke m'thumba la ndani? Pa Mopani funsoli ndi lopota kwambiri, chifukwa ZCCM-IH, kampani imene inalowa m'malo mwa ZCCM ndipo boma lili ndi gawo lalikulu mwa iyo, inatenga mgodiwo mu 2021, ndipo mu 2024 inagulitsa 51 peresenti kwa International Resources Holding ya ku Abu Dhabi n'kutsala ndi 49. Boma ndi woyang'anira, ndi wokhometsa msonkho, ndiponso ndi mwini gawo.

Palinso mkangano wa chilango. Faindi ikachepa, kampani imangoiwerengera pamodzi ndi mabilu ena. Kuimitsa ng'anjo kumapweteka kampani, koma kumapwetekanso ogwira ntchito ndi amayi ogulitsa pamsika amene amadalira malipiro awo. Asidi wogwidwayo nayenso ali ndi mafunso ake: msika wake ukagwa ndipo matanki adzaza, ng'anjo iime kapena itani? Ndipo pamene nyumba zili kale pafupi ndi mpanda wa ng'anjo, monga ku Kankoyo, anthu asamutsidwe kapena utsi ndiwo uthe? Ngati asamutsidwa, apite kuti, alipire ndani pakati pa boma, eni atsopano ndi eni akale, ndipo amene ankachita lendi, opanda mapepala a nyumba, awerengedwa nawo?